Ankanditcha Kamvuluvulu, ine osadziwa

Kwa zaka ziwiri zathunthu ndinali ndi dzina lina kuntchito, ndipo amene sankalidziwa ndinali ine ndekha, mwini wake dzinalo. Alonda ankalidziwa, akalaliki ankalidziwa, amayi osankha mtedza ankalidziwa, mpaka anyamata a kabaza otibweretsera matumba kuchokera m'midzi. Ankanditcha Kamvuluvulu. Akuti ndinkangotulukira, kumwaza zonse, fumbi koboo, kenaka zii, anthu n'kutsala akutolera zomwazikazo.

Ndine manijala wa kopaletivi ina ya alimi a mtedza ndi soya kuno ku Mchinji, mukapitirira pa Kamwendo. Ndinayamba mu 2021, dipuloma ya zaulimi ili m'manja, koma ndili mwana poyerekeza ndi ambiri amene ndinkawayang'anira. Ntchito yathu imafika pachimake kuyambira Meyi mpaka Ogasiti: kugula mbewu kwa mamembala, kusankha, kuthira m'matumba a makilogalamu 50, kusunga, kenaka kukagulitsa kwa ogula akuluakulu ku Lilongwe. Ndalama zogulirazo zambiri zimakhala zangongole, mavenda amakhala atakoleka masikelo awo pakhomo penipeni pa alimi athu, ndipo komiti ikakhala pansi, funso loyamba limalunjika kwa manijala. Sindikunena izi kuti ndidziikire kumbuyo. Ndikungofuna muone mphika umene ndinkawiriramo.

Utsogoleri ndinauonera kwa bambo anga. Anali kapitawo pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu, ndipo ndili mwana ndinkaona matenanti, amuna akuluakulu andevu zawo, akuvula zipewa bambo akadali patali. Ine ndinkati ulemu ndi umenewo. Bambo ankakonda kunena kuti wantchito ukamusekerera amakukwera pamutu. Ntchito ya utenanti boma linaithetsa mu 2021, chaka chomwecho chimene ndinalembedwa ntchito, koma ukapitawo wa mtundu umenewo ndinali nditaunyamula wonse kubwera nawo ku Mchinji, osazindikira n'komwe kuti ndasenza kanthu.

Mu 2023, titangoyamba kugula, kalaliki wina anagwetsa foni ya kuofesi pa simenti, galasi n'kusweka. Panja panali mzere wa alimi. Ndinamulalatira pomwepo. "Iwe, mutu wakowo ndi wongovalira chipewa?" Bambo wa ana atatu, wamkulu kwa ine, ndikumutchula kuti "iwe" pamaso pa anthu, ena akumpingo kwake, mwinanso apongozi ake anali pamzere womwewo. Ndinalamula kuti amudule pamalipiro, osamufunsa n'komwe chimene chinachitika. Pofika madzulo ine ndinali nditaiwala, ndikudya nsima bwinobwino. Wolalata amaiwala msanga. Amene saiwala ndi wolalatiridwa, komanso, chimene sindinkachiganizira, onse amene anaonerera. Mmodzi mwa oonererawo anali mnyamata wathu wa pasikelo, wakhama kwambiri, wosakonda zolankhulalankhula.

Kwa amene simunagwirepo ntchito ya mtedza, mdani wathu wamkulu ndi chuku. Mtedza ukasungidwa usanaumitsitse umagwidwa ndi nkhungu imene imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi, ndipo sathera pamoto: muukazinge mtedzawo, muusinje nsinjiro, amakhalamobe. Vuto n'lakuti alimi ena amawaza madzi pa makoko kuti asavutike pakuswa, enanso amatero kuti thumba lilemere. N'chifukwa chake thumba lililonse, kaya ndi la CG7 kaya Chalimbana, tisanalilandire timayeza chinyontho chake ndi kachipangizo kamene timangokatcha mita.

Patangotha milungu iwiri chisweke foni ija, mita inafa. Mnyamata wa pasikelo sananene. Anayamba kuyeza ndi mano, kuluma njere kuti amve ngati yauma, monga amachitira agogo athu. Ine ndikamadutsa ankathira njere mu mita yakufayo n'kumaiyang'anitsitsa ngati akuwerenga. Akalaliki anzake ankadziwa. Amayi osankha mtedza anamva kuti matumba ena a pansi pa mulu akufunda ukawakhudza. Anthu oposa khumi ankadziwa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anagogoda pachitseko changa, chomwe chinali masitepe ochepa chabe kuchokera pasikelo.

Ndinadziwira ku Kanengo. Ogula anatapa mtedza m'matumba angapo, kukayeza, n'kubwera ndi pepala: chuku chadutsa mlingo, katundu yense abwerere. Ulendo wobwerera ku Mchinji, makilomita oposa 100, ndinakhala kutsogolo kwa lole osatsegula pakamwa. Adalaivala anayesa kuyatsa wailesi, ndinangowayang'ana, anazimitsa okha.

Usiku womwewo chilungamo chitadziwika, ndinakhala muofesi n'kulemba kalata yomuchotsa ntchito mnyamatayo. Ndikutuluka, cha m'ma 9 koloko, ndinapeza alonda athu akuwotha moto, paja Julayi ku Mchinji kumazizira. Ndi madala a zaka zopitirira bambo anga. Anandipempha kuti ndikhale pansi pang'ono. Kwa zaka ziwiri ankanditchula kuti bwana, koma usiku umenewo anayamba mwina.

"Mwana wanga, mundikhululukire, ndilankhule ngati kholo. Mawa mukafuna mundichotse nanenso. Mnyamata uja walakwa, inde. Koma tandiuzani, akanabwera kudzanena kuti mita yafa, mukanamuyankha chiyani?"

Ndinati ndikanagula ina.

"Ee, mukanagula. Koma musanagule?"

Sindinayankhe. Ndiye anandiuza za dzina lija. Anandiuzanso chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbuka ndimamva kutentha kumaso. Akuti m'mawa uliwonse iwo ndi amene ankaona mmene ndafikira. Ndikaima pageti n'kuyankha moni, chipewa chawo ankachivala bwinobwino. Ndikangodutsa ndi njinga yamoto mpaka pakhomo la ofesi, osayankha, ankachipendeketsa. Antchito onse pofika ankayamba ayang'ana chipewa cha alonda kuti adziwe ngati lero n'kotheka kupempha chilolezo cha kumaliro, kapena kunena kuti ulusi wosokera matumba watha. Kopaletivi yonse inkayendera nyengo ya mumtima mwanga, ngati alimi oyang'ana mitambo.

Wakutsina khutu ndi mnansi, amatero akuluakulu, koma musanamizidwe, potsinidwapo pamawawa. Sindinawathokoze usiku umenewo. Ndinangoti "ndamva" n'kuliza njinga. Kalata ija yokha ndinaisiya m'dirowa.

Kunyumba ndinafotokozera mayi a kunyumba, ndikuyembekezera kuti andiikira kumbuyo. Iwo ndi namwino. Anangoti, "Bambo a mwana, nanga ana anu omwe sathawira kuchipinda akamva njinga?" Kenaka anatenga makina awo n'kundiyeza BP, n'kupeza kuti yakwera. Ndi iwo amene anandifotokozera zimene zimachitika m'thupi munthu akapsa mtima. Mu ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ndi kukuwa kukabwera zoopsa. Kakakuwa, thupi limatulutsa adrenaline, mtima umathamanga, minofu imakungika, ndipo mbali ya ubongo yoganiza modekha imayamba kutsalira. Zimenezi n'zothandiza ukakumana ndi njoka m'munda. Tsoka lake, kachigawoka sikasiyanitsa njoka ndi foni yosweka.

Poyamba ndinkakana. Ndinkati ndi mmene ndinabadwira, kwathu tonse ndife a mtima wapachala. Mayi a kunyumba anandipatsa kope la mwana losalembamo n'kunena kuti kwa mwezi umodzi ndizilemba nthawi iliyonse imene ndakalipira munthu: anali ndani, inali nthawi yanji, chinachitika n'chiyani izi zisanachitike, ndipo m'thupi ndinamva bwanji. Ndinkaona ngati zachibwana, koma ndinalemba.

Kope limenelo ndi limene linandivula. Mwezi utatha ndinaliwerenga lonse, ndipo munalibe tsiku ndi limodzi lomwe limene ndinakalipira a tcheya a komiti. Munalibe tsiku limene ndinakalipira wogula wa ku Lilongwe, ngakhale amene anatichedwetsera ndalama milungu ingapo. Kwa amenewo ndinkatha kumwetulira mtima ukuwira. Mayina onse a m'kopemo anali a aganyu, akalaliki, amayi osankha mtedza, ana anga. Ndiye kuti mkwiyo wanga sunali wosagwirika monga ndinkanenera. Unkadziwa kusankha. Unkayenda ngati madzi a mvula, kutsetserekera kumunsi kokhakokha, kwa amene sangandibwezere.

Chachiwiri chimene ndinaona n'chakuti kukalipa kwambiri kunkabwera a tcheya akangondiimbira foni kufunsa za ngongole, kapena masana ndisanadye kanthu. Apa m'pamene ndinayamba kuzindikira kuti chimene ndinkachitcha mkwiyo, pansi pake panali mantha ndi manyazi. Ndinkaopa kuti komiti iona kuti inalemba kamwana ka kusukulu kosadziwa kanthu. Ndinkaopa kuti madala andiderera. Mwamuna wa kwathu kuno saphunzitsidwa kunena kuti "ndikuopa", ndiye manthawo ankatulukira khomo lokhalo limene linali lotsegula, la ukali.

Pambuyo pake, pofufuza pa intaneti, ndinapeza kuti zimenezi anthu anaziphunzira mozama, ndipo amazitcha emotional intelligence. Akatswiri awiri a ku America, Peter Salovey ndi John Mayer, analemba za nkhaniyi mu 1990, ndipo Daniel Goleman anaitchukitsa mu 1995. Goleman amati mtsogoleri amafunika kudzidziwa, kuugwira mtima, kukhala ndi khama lochokera mumtima, kumvetsa mmene ena akumvera, ndi kudziwa kukhala ndi anthu. Kunena zoona, sindinapezemo chimene alonda aja sananene ali pamoto, ndipo agogo athu zonsezi ankangoziphatikiza m'mawu amodzi, umunthu. Koma chinandithandiza n'chakuti kudzidziwa anakuika poyambirira. Sungagwire mtima umene sukudziwa kuti wayamba kuthawa. Ndinawerenganso za kafukufuku wa Matthew Lieberman ndi anzake ku California mu 2007, amene anapeza kuti munthu akatchula dzina la chimene chikumvekacho, kaya ndi mkwiyo kaya mantha, amygdala ija imatsikako mphamvu. Ndinayesa. Kudziuza chamumtima kuti "pano ndachita manyazi" kumamveka kopusa, komabe kumagwira ntchito kuposa kukukuta mano.

Tibwerere kwa mnyamata wa pasikelo. Mlembi wa komiti anandikumbutsa kuti lamulo la zantchito la 2000, gawo 57, silimalola kuchotsa munthu ntchito popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo kalata yanga ya usiku ija ikanatha kutifikitsa ku khoti la Industrial Relations. Tinamuitana pamaso pa komiti. Sanakane kanthu. Anangoti, "Ndinaona zimene zinawachitikira anzanga chifukwa cha foni. Mita ndi yodula kuposa foni. Ndinkati ndipeze kaye ndalama ndikakonzetse mwakachetechete." Anali atayamba kale kusunga ndalama za ganyu ya kumapeto kwa sabata kuti akonzetse chipangizo chimene sanachiwononge iye, chinangofa chokha ndi ukalamba.

Komiti inamupatsa kalata yomuchenjeza, ndipo inayenera kutero, chifukwa kubisako kunatipweteka: tinalipira lole kawiri, tinabwereza kusankha mulu wonse, ndipo mtedza wambiri tinaukwirira. Koma ine ndinapempha kuti mu maminitsi alembemonso kuti manijala ali ndi gawo lake pa mlanduwu. A tcheya sanasangalale nazo. Titatuluka anandikokera pambali n'kunena kuti, "Achimwene, bwana sapepesa kwa antchito, mudzipeputsa." Ndimawalemekeza, koma apa sindinawamvere. Lolemba lotsatira ndinasonkhanitsa onse pabwalo lomwe lija ndinalalatirapo, n'kupepesa kwa bambo a foni aja, powatchula kuti "inu", ndipo ndalama zimene tinawadula tinawabwezera. Ndinaona kuti poti ndinawanyoza pagulu, kupepesa kwa kuseri kukanakhala kuba. Tsiku limenelo m'pamene ndinamva kuti sabata imene anagwetsa foniyo, mwana wawo anali atagonekedwa kuchipatala ku boma, ndipo bambowo ankabwera kuntchito kuchokera pa benchi ya kuchipatala, osagona. Zaka ziwiri tikugwira ntchito limodzi, sindinkadziwa ngakhale kuti ana awo ndi angati.

Musaganize kuti kupepesako kunasintha zinthu tsiku lomwelo. Anthu anaomba m'manja mwaulemu n'kumadikira kuti aone. Ndinachitanso cholakwika china chimene ndikufuna anzanga oyang'anira anthu muchipewe. Nditawerenga malangizo a pa intaneti, ndinaitanitsa msonkhano n'kunena kuti aliyense andiuze mosabisa zimene ndimalakwitsa. Kunali zii. Kenaka mmodzi anati, "Zonse zili bwino, bwana," ena onse n'kuvomereza. Malangizo amenewo analembedwera kwina. Kuno munthu sadzudzula wamkulu m'maso, pagulu, makamaka amene wagwira malipiro ake. Ngakhale m'banja, nkhani yovuta imadzera kwa ankhoswe. Ndiye ndinapeza ankhoswe anga awiri: alonda aja, ndi mayi wina wachikulire amene amatsogolera osankha mtedza. Lachisanu lililonse ndimakhala nawo pang'ono, osati muofesi, koma pamkeka pomwe akusankhira, nanenso lichero lili pamwendo. Sindifunsa kuti "ndikulakwitsa chiyani?" Ndimafunsa kuti "sabata ino chavuta n'chiyani?" Nkhani zimatuluka zokha, zina zokulungidwa m'miyambi, ndipo ntchito yanga ndi kumasula, osadziteteza.

Za m'thupi nazo ndinaziphunzira. Ine mkwiyo ukamabwera, makutu amayamba kutentha, nsagwada zimalimba, ndipo chizindikiro chachikulu ndi lilime: "inu" amasanduka "iwe". Ndikangomva "iwe" akubwera kukamwa, ndimadziwa kuti kamvuluvulu wayamba kuzungulira. Ndimanena kuti, "Tikambirana 2 koloko," n'kupita ku mjigo kukasamba kumaso. Pobwera nkhani imakhala ikadalipo, koma yabwerera pa msinkhu wake weniweni. Sindilembanso kalata kapena uthenga wa pa WhatsApp wokhudza cholakwa cha munthu usiku. Ndipo ndimadya. Zikumveka zoseketsa, koma mbatata yootcha ya 10 koloko yapulumutsa anthu ambiri pa kopaletivi pathu.

Chovuta kwambiri chinali kuphunzira kulandira uthenga woipa. Mayi a kunyumba anandiuza za Amy Edmondson wa ku Harvard, amene m'zaka za m'ma 1990 anafufuza magulu a anamwino m'zipatala. Anadabwa kupeza kuti magulu okhala ndi atsogoleri abwino ndi amene ankaoneka ndi zolakwa zambiri m'mabuku. Atafufuzanso anapeza kuti sikuti ankalakwitsa kwambiri, koma ankanena akalakwitsa, pamene magulu a atsogoleri aukali ankabisa. Nditamva zimenezi ndinakumbukira mmene ndinkanyadira kwa a tcheya kuti kwathu kulibe mavuto, palibe amene amabwera kudzadandaula. Chete amene ndinkamuyesa mtendere uja anali chuku chikumera pansi pa mulu. Tsopano munthu akabwera ndi nkhani yoipa, mawu oyamba amene ndimadzikakamiza kunena ndi akuti "mwachita bwino kundiuza". Nthawi zina ndimawanena mano ali okukuta, koma ndimawanena, chifukwa ndikudziwa kuti ena panja akumvetsera kuti aone ngati mnzawoyo atuluke wamoyo.

Ena akawerenga izi aziti ndiye kuti munthu uzingosekerera zilizonse. Ayi. Chaka chotsatira tinagwira kalaliki wina akulemba malisiti a matumba amene sanalowe m'nyumba yosungiramo mbewu, atagwirizana ndi venda. Tinamuitana, tinamuonetsa mabuku, anabwera ndi mboni yake, anayankha, komiti inagamula, ndipo anachotsedwa. Sindinakweze mawu ngakhale kamodzi, ndipo ndinaona kuti antchito analemekeza chigamulocho kuposa kulalata kwanga konse kwa zaka ziwiri. Kale ndikakalipa, anthu ankakambirana za ukali wanga, cholakwacho n'kuiwalika. Ulendo uno ankakambirana za malisiti. Mutu ukakula sulewa nkhonya, zigamulo zowawa sizithawika, koma bambo anga analakwitsa pamene ankaganiza kuti kulimba ndi phokoso n'chinthu chimodzi. Ndinakawauzako zimenezi ku Kasungu. Anangoseka n'kunena kuti fodya ankalimidwa ndi anthu, osati ndi angelo. Tinasiyira pomwepo.

Sindinachiriretu. Chakumapeto kwa 2024, mafuta a galimoto atasowa m'dziko muno, lole imene tinapangana kuti ifike m'mawa inafika tsiku lotsatira madzulo. Ndinawakalipira adalaivala pageti, "iwe" n'kutuluka ndithu, ndisanamve kuti anagona pamzere wa dizilo usiku wonse. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno ndinadzimva ndekha ndili pakati pa chiganizo. Ndinaima, ndinapita ku mjigo, ndipo pobwera ndinawapepesa iwo asanatsitse n'komwe zingwe. Mnyamata wa pasikelo uja akadali nafe, panopa ndi amene amayang'anira nyumba yosungiramo mbewu. Mwezi wa Juni wapitawu anandiimbira foni 6 koloko m'mawa kundiuza kuti sikelo ikuoneka kuti ikunama ndipo waimitsa kugula mpaka ndifike. Sanayambe ndi kupepesa, sanazungulire. Anangonena.

Tsiku lina posachedwapa ndinaima pageti n'kuwafunsa alonda aja ngati chipewa chija amachipendeketsabe. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Aaa, bwana, masiku ano chimakhala chowongoka ndithu." Anachivula, kuchiyang'ana, n'kuchivalanso. "Komatu sindinachitaye."